Ngolo Imene Anaichotsa pa TV

Lolemba, pa 3

Andigoneka. Wodi ya amuna, bedi lachitatu kuchokera pakhomo. Ndinabwera kudzangotsukitsa kachilonda ka pachala chachikulu cha phazi lamanzere, koma dokotala atamasula nsanza yanga anangoyang'ana nesi, nesi n'kupita kukatenga wilitcheya. Shuga 23. BP 168/96. Andiika diripi ya mankhwala opha tizilombo, inshulini m'mawa ndi madzulo. Chala chada, ndipo fungo lake ndikulimva ndekha, palibe chifukwa chonamizana.

Ndikulemba kuti ndisasokoneze za mankhwala, komanso chifukwa dzanja linazolowera. Moyo wanga wonse ndagwira ntchito kukampani yosindikiza mabuku, kusaka zolakwika ndi cholembera chofiira. Ndinapuma ntchito, koma diso silinapume.

Ndamuimbira mwana wanga. Ndi wamkazi, mmodzi yekhayo, mayi ake anatisiya iye akadali pasukulu. Ali kutali, akujambula sewero la pa TV. Wati, "Adadi, ndinakuuzani za chala chimenecho mwezi watha." Anandiuzadi. Akuti abwera akapeza mpata.

Lachiwiri, pa 4

Kumanja kwanga kuli Dalaivala. Anagubuduzika ndi basi, miyendo yonse ili m'mwamba pazitsulo, koma pakamwa sipanathyoke. Kumanzere, pazenera, kuli mkulu wina wodwala impso. Salankhula. Akazi ake amabwera tsiku lililonse ndi fulasiki ya tiyi ndi kambale ka supu, n'kumamupukuta kumaso ndi kathawulo konyowa.

Pakhoma pali TV, rimoti amasunga Dalaivala. Madzulo ano titangodya wati, "Akulu, lero za nkhani muiwale. Osoka Mitambo yayambanso." Ndikanangokhala chete. Koma ndinatsegula pakamwa n'kunena kuti amene amalemba sewerolo ndi mwana wanga. Pofika nthawi ya mankhwala wodi yonse inali itadziwa, ndipo wokolopa wayamba kunditcha abwana.

Osoka Mitambo ndi mabuku anayi a nkhani zamatsenga. Amene anawalemba anamwalira kalekale, mwana wanga ntchito yake ndi kuwasandutsa sewero la pa TV. M'dziko la m'mabukuwo thambo limang'ambika ngati nsalu yakutha, ndipo kuli banja limodzi lokha lodziwa kulisoka ndi singano ya fupa. Buku loyamba anaonetsa chaka chatha, analitsata bwino, sindinadandaule kwambiri. Tsopano afika pa lachiwiri, limene ndimalikonda. Mphezi imawomba msoki wokalamba, manja ndi miyendo zimafa, ndipo mwana wake wamkazi amamuika pa kangolo kokankha ndi manja n'kudutsa naye chipululu cha mchere, buku lonse lathunthu, chifukwa kasokedwe komaliza kali m'mutu mwa nkhalambayo. Mabuku onsewo ndinamuwerengera mwana wanga mokweza nthawi imene mayi ake ankadwala, kuti aziiwalako. Pa buku lachiwiri ankalira.

Gawo la lero mphezi yawomba. Aichita bwino, mpaka nesi anaima ndi thireyi m'manja. Koma nkhalamba ya m'buku ndi yamwano, yaumbombo, yosayamika. Ya pa TV ili ndi ndevu zoyera zopesa bwino ndi maso achifundo. Tiona kumene akupita nazo.

Lachinayi, pa 6

Ekisireyi m'mawa. Kenako andiyendetsa kachipangizo pamwendo komvera mmene magazi akuyendera. Pabondo pakumveka, kumunsi kuli zii. Dokotala wamkulu, amene a m'wodi muno amamutcha Tionamawa chifukwa ndilo yankho lake pa chilichonse, lero sanatero. Chala chichoka. Shuga 17.

Neba wanga wandibweretsera zovala, magalasi ndi buku lachiwiri. Wadandaula ndi masitepe akwathu. Ndimakhala pamwamba penipeni m'nyumba yosanja yopanda chikepe. Masitepe amenewo ndawakwera zaka zambirimbiri osawaganizira, lero ndawaganizira tsiku lonse. Kwa mwana wanga ndi pansi, ndipo ali ndi chipinda chimene amangolemberamo. Muli desiki ndi mashelefu. Bedi laling'ono likhoza kulowa, ndinayezapo kale ndi maso.

Lachisanu, pa 7

Chala achotsa. Anandibaya jakisoni wa pamsana, ndinali maso, ndinamva kachitsulo kakulira. Ululu wayamba dzanzi litatha. Mapiritsi awiri oyera, jakisoni wina pantchafu.

Mwana wanga watumiza dengu lokutidwa ndi pepala lonyezimira. Muli mphesa, mango ndi chokoleti, kwa munthu wa shuga 17. Mwina anangouza a kusitolo kuti atumize chilichonse chooneka bwino. Dalaivala wandithandiza nazo ndi mtima wonse.

Loweruka, pa 8

Gawo lachiwiri ndaonera buku lili pachifuwa, cholembera m'manja. Ngolo yakhomedwa, mtsikana wamukweza bambo ake, ulendo wayamba. Mtima unakhala pansi. Asanayende kutali, kuseri kwa thanthwe kunatulukira msilikali wamapewa aakuluakulu, tsitsi lopaka mafuta pakati pa chipululu. M'mabuku onse anayi munthu ameneyu mulibe. Ndinanena mokweza.

Dalaivala anati, "Akulu, inu mukufuna tizionera mtsikana akusintha nkhalamba thewera mpaka chaka chithe? Ife tili kale m'chipatala." Wodi yonse inaseka, ngakhale mkulu wa pazenera mapewa anagwedezeka.

M'buku, tsiku loyamba la ulendo ndi mutu wathunthu. Mtsikana amaphunzira kumutembenuza bambo ake kuti asachite zilonda zakumsana, amalakwitsa, amamugwetsa. Nkhalamba imamulavulira chakudya kumaso n'kumuuza kuti ali ndi manja a mayi ake, osathandiza. Pa TV zonsezo zatha m'kamphindi, kanyimbo kachisoni kakulira, dzuwa likulowa, nkhalamba ikumwetulira. Kenako msilikali anayamba kukankha ngolo, mtsikana n'kumayenda pambali manja ali lende.

Ndamutumizira uthenga pafoni: "Msilikali ali pa tsamba liti?" Wayankha: "Mwaswera bwanji Adadi? Bala likuti bwanji?" Kuzemba funso anayamba ali wamng'ono.

Lolemba, pa 10

Kutentha thupi 38.9. Bala lada m'mbali, likutuluka madzi. Asintha mankhwala a m'diripi. Potsuka bala ndamutukwana nesi. Wangoti, "Tukwanani bambo, bola musasunthe phazi."

Sindinadye. Buku landilemera m'manja.

Lachitatu, pa 12

Tionamawa wabwera ndi gulu la ophunzira, andizungulira. Mwendo uchoka pansi pa bondo, mawa lomwe. Wati tikachedwa adzadula pamwamba. Wophunzira wina anali kulemba mwachangu, lilime lili panja. Ndasaina.

Masana kwabwera mayi wa ku ofesi yoona za odwala akamatuluka. Waulemu, wa mawu otsika, mtundu wa anthu amene amakufunsa zinthu zimene akuzidziwa kale.

"Mukatuluka mupita kwa ndani, bambo?"

"Kwa mwana wanga."

"Mwakambirana naye?"

"Ndati ndi mwana wanga."

Anagwedeza mutu n'kuti abweranso.

Ndamuimbira. Ndamuuza za mwendo, kumbuyo kwake kukumveka anthu akukuwa za magetsi ndi makamera. Kenako wati, "Ndinyamuka, Adadi." Za chipinda sindinatchule. Zinthu zina kholo silipempha, mwana amayenera kunena yekha. Ndili ndi mantha.

Lachisanu, pa 14

Adula dzulo. Ndikusanza. Andiwonjezera magazi, paketi imodzi. Phazi limene kulibe likuyabwa.

Lamulungu, pa 16

Thupi 37.4. Shuga 11. Ndamwa tiyi, ndadya buledi pang'ono.

Sisitala, nesi wamkulu wa wodi ino, wandiuza kuti mwana wanga anabweradi Lachinayi, anakhala pambali panga masana onse ine ndili m'tulo ta mankhwala. Akuti ananditembenuza yekha, n'kuika pilo pansi pa chitsa cha mwendo mmene amafunira madokotala, mpaka sisitala anamufunsa ngati anaphunzirapo unamwino. Anabwerera ndisanatsitsimuke, ntchito inkamudikira.

Sisitala ankaganiza kuti ndisangalala. Ndapsa mtima tsiku lonse. Kuzonda munthu ali chikomokere n'kosavuta, sakufunsa kanthu.

Lachiwiri, pa 18

Magawo awiri anandipita. Dalaivala wandifotokozera: msilikali wapha zilombo zitatu za mchere, wavula malaya kawiri, nkhalamba imangooneka patali ili pangolo ngati thumba. Ndinati chabwino, bola ikadali pangolo.

Lero anafika panyumba yoyera m'mphepete mwa chipululu, yokhala amayi ovala zotuwa, osamalira odwala. Mabedi oyala bwino, maluwa pazenera. Ndinatsegula buku ngakhale ndinkadziwa. Nyumba imeneyo mulibe. Pamalo amenewo m'buku pali chitsime chouma. Mtsikana amafikapo atatheratu, amasiya ngolo, amayenda osacheuka mpaka matemberero a bambo ake atasiya kumveka. Amakhala pansi pamchere dzuwa lonse. Kenako amabwerera. Nkhalamba siithokoza, imangoti wachedwa. Iye amagwira ngolo n'kupitiriza. Ndi mutu wabwino kuposa yonse m'mabuku anayiwo.

Pa TV nkhalamba inamunong'oneza mtsikana kasokedwe komaliza m'khutu, chinthu chimene m'buku amachiphunzira ulendo wonse, iwo achimaliza munthu asanameze malovu. Kenako inatambasula dzanja, dzanja lomwe linafa pa gawo loyamba, n'kugwira la mwana wake. Inati, "Pita, mwana wanga. Ndisiye pano, andisamala bwino. Moyo ndi wako, usauthere pa ine." Ngolo inatsala pageti. Mtsikana anakwera hatchi ya msilikali.

Akazi a mkulu wa pazenera anali kupukuta misozi ndi kathawulo kaja. Dalaivala anati, "Akulu, mwana wanu ndi katswiri. Bambo weniweni ndi ameneyo, osati zokakamira anazi." Ndinakoka bulangeti mpaka kumutu. Nesi atandipima anapeza BP 182/101, n'kundifunsa kuti ndadya chiyani.

Mawu amenewo wolemba mabuku sanawalembe. Anawalemba mwana wanga, ndimakadziwa kalankhulidwe kake. Wawaika m'kamwa mwa nkhalamba n'kunditumizira kudzera pakhoma la wodi, anthu onse akuona. Zandinyansa, ndipo ndachita manyazi ngati andivula.

Lachitatu, pa 19

Dalaivala waona kuti sindikumulankhula. Pakamwa pake ndi pachabe koma mtima ndi wabwino. Wati, "Akulu, musaziike pamtima. Zimenezi amajambula kale. Mlamu wanga ananyamulapo katundu wa anthu amenewa pa lole yake, ndikuzidziwa. Zimene mukuona lerozi anajambula chaka chatha, kulemba ndiye zaka ziwiri zapitazo. Mwana wanu sankadziwa za mwendowu."

Amafuna kunditonthoza. Zaka ziwiri zapitazo ndi pamene anandipeza ndi shuga. Mwana wanga anabwera, anandiperekeza kuchipatala, anamvetsera zonse zimene dokotala ananena za maso, impso ndi mapazi. Pobwerera anaima pansi pa masitepe akwathu n'kuwayang'ana nthawi yaitali. Ine ndinkaganiza kuti watopa.

Shuga 13. Bala akuti likuoneka bwino.

Lachisanu, pa 21

Kwabwera mayi wophunzitsa kuyenda. Lero phunziro linali kuchoka pabedi kupita pawilitcheya. Ndagwa kamodzi, thupi linaiwala n'kuponda ndi mwendo umene kulibe. Mwendo wopanga akuti pakapita miyezi, bala likapola, shuga akalola. Ndinafunsa za masitepe. Anandiyang'ana ngati ndanena nthabwala.

Mkulu wa pazenera watuluka. Akazi ake amuveka jekete, amumanga zingwe za nsapato, amupesa. Mayi wochepa thupi, wilitcheya imangomupita cham'mbali, koma anakana kuti wina amuthandize. Ine ndinayang'ana kukhoma mpaka atatuluka.

Mayi wa ku ofesi wabweranso. Akuti mwana wanga anamuimbira, akambirana bwino, koma akufuna adzandiuze yekha Lamulungu. Ndamuthokoza. Nkhani yabwino siidikira Lamulungu.

Lamulungu, pa 23

Wabwera. Waonda, m'maso muli mofiira, zikhadabo wazidya ngati ali mwana. Wabweretsa maapozi, mabisiketi opanda shuga ndi masokosi atsopano. Atawatulutsa m'chikwama ndi pamene anaona kuti ndi awiri, anasowa powaika. Dalaivala anamufunsa ngati msilikali adzamukwatira mtsikana uja. Anaseka mwaulemu, n'kukoka katani.

"Mwaonera, Adadi?"

"Ndaonera. Manja a nkhalamba anafa pa gawo loyamba. Pa gawo lachisanu ikugwira dzanja la mwana. Gulu lonselo palibe amene anaona?"

"Tinaona. Tinasiya dala."

"Nanga ngolo?"

"Anthu sakanaonera, Adadi. Munthu akadwala nthawi yaitali pa TV anthu amasintha tchanelo."

"Usandiuze za anthu. Iwe unkalira pa buku limenelo. Ndinkakuwerengera ndine."

Anayang'ana masokosi aja pamiyendo pake. Atalankhula, mawu anali otsika kuti Dalaivala asamve.

"Munkaganiza ndikulirira ndani?"

"Nkhalamba. Ndani winanso?"

"Ndinkalirira mtsikana, Adadi. Inu munkabwera madzulo kuchokera kuntchito, amayi nditawasambitsa kale, nditachapa zofunda, nditawatembenuza, nditapukuta pansi. Munkapeza fungo la sopo. Ndiye munkakhala pampando n'kutsegula buku, kumandiwerengera za mtsikana wosintha munthu zofunda, ndi mawu anu okoma aja. Zaka ziwiri. Nditabwereza kalasi munauza aphunzitsi kuti masamu amandivuta."

Ndinati ndinkagwira ntchito kuti tidye, kuti mankhwala a mayi ake apezeke. Ndinati palibe amene anasangalala m'nyumba imene ija.

"Ndikudziwa. Sindikukuimbani mlandu. Ndikungoti ngolo imeneyo ine ndinakankhapo kale. Kulemera kwake ndikukudziwa kuposa amene analemba bukulo. Uja ankangoganizira."

Mawu amenewo anandikwiyitsa kwambiri.

Kenako anayamba kufotokoza. Pali nyumba yosamalira odwala kufupi ndi kumene amakhala. Kuli manesi usana ndi usiku, kuli wophunzitsa kuyenda, zipinda ndi zapansi, zenera limayang'ana kudimba la maluwa. Anapita kukaona yekha, anayang'ana mpaka kubafa ndi kukhitchini. Azibwera Lamulungu lililonse. Ananena zonsezo bwinobwino ngati akuwerenga. Atamaliza anandigwira dzanja n'kudikira.

Ndinadziwa chimene ankadikira. Wodi yonse inawamva mawu a nkhalamba aja Lachiwiri. Ndinayang'ana katani, ili ndi dontho la mankhwala ofiirira pakona.

"Nena wekha," ndinatero. "Ine si wa pa TV."

Dzanja sanalisiye. Anati, "Sindikutengani kwathu, Adadi. Sindingathe kawiri."

Ananena mosanjenjemera. Anakhalabe mpaka belu la alendo litalira, anandisendera apozi, anandikonzera pilo. Atapita Dalaivala sanafunse kanthu, ndiye kuti anamva zonse.

Lolemba, pa 24

Shuga 9. Thupi 36.8. Bala lauma. Tionamawa akuti ndine wodwala wabwino, ndituluka Lachinayi.

Ndatsegula mutu wa chitsime chouma kuti ndidzitsimikizire kuti ndine wokhoza. Ndinedi wokhoza, m'buku mtsikana amabwerera. Koma pa tsamba lomwelo pali mzere wonena kuti anali ndi zaka khumi ndi zitatu. Buku limeneli ndaliwerenga kambirimbiri, ndikudziwa pamene osindikiza anaiwala mpumiro, koma mzere umenewo sindinauonepo.

Zimenezi sizikusintha kanthu. Sewero lawo ndi labodza. Nkhalamba zenizeni sizilankhula choncho, zimafuna kupita kwa ana awo.

Lachiwiri, pa 25

Nthawi ya sewero ndapempha nesi kuti akoke katani. Ndamva malupanga, hatchi, anthu akukuwa. Dalaivala anatsitsa mawu a TV osauzidwa. Akuti nkhalamba sinaonekenso, ndipo m'wodi palibe amene anaifunsa.

Lachinayi, pa 27

Ulusi anachotsa dzulo. Andipatsa inshulini, mapiritsi a BP, a ululu, ndi tsiku lobwerera kudzaonetsa bala. Dalaivala wandigwira chanza nthawi yaitali, wati ndisaiwale kumutukwanira msilikali kumene ndikupitako.

Ndikulemba ndili kumalo atsopano. Chipinda n'choyera. Zenera lilipo, maluwa alipo, sananame.

Mwana wanga anabwera m'mawa. Wonyamula odwala atafuna kugwira wilitcheya, iye anati asiye. Anandikankha yekha. Pachikepe anatembenuka n'kulowa chambuyo. Pa kamtunda ka pakhomo la chipatala anaponda kumbuyo n'kukweza mawilo akutsogolo, chitsa sichinagunde paliponse. Pondikweza m'galimoto anandiuza pogwira, n'kundinyamula m'chiuno kamodzi kokha. Wonyamula odwala uja anati, "Achemwali, ntchito imeneyi mumaidziwa."

Kuno pakhomo panali mayi wa yunifolomu akutidikira. Mwana wanga anandikankha mpaka pamenepo, anaimitsa, n'kuchotsa manja. Anazungulira kutsogolo kwanga, ananjuta kuti maso athu alingane, n'kundiyang'ana. Mawu a nkhalamba aja anali pakamwa panga, onse, m'ndondomeko yake. Akanamupeputsa, ndipo ine sakananditengera kalikonse.

Ndinamufunsa ngati wamanga buleki.

Anati wamanga. Anaimirira, anandikonza kolala ya malaya, n'kuti tionana Lamulungu. Mayi wa yunifolomu anandilowetsa m'chipinda muno. Zenera linali lotsegula, ndipo galimoto yake inakhala panja nthawi yaitali isanalire. Ndinamvetsera mpaka inalira.